Mawu a Mkulu wa pa Chigayo

Mabatani anali ndi ngongole, ndipo sinali ya ndalama. Ikanakhala ya ndalama, bwenzi mayi ake atamukoka khutu kalekale mpaka pakhomo pa mwini wake. Iyi inali ya pakamwa, ija munthu amati "ndibwera" kenako zii.

Madzulo a tsiku limenelo, akuvala jekete kuti apite ku ntchito yake ya usiku, mayi akewo anamukumbutsanso. Anali pakhonde, akusoka chogwirira cha chikwama chawo cha kumsika.

"Unapita kwa mkulu uja?"

"Ndipita, amayi."

"Ndipita, ndipita. Ndevu zachita kumera uli pa ndipita yemweyo. Mawu a mwini wake ukudyera, mwini wakeyo sanawamvepo. Polonjeza paja ine ndinalipo, usandiyese mwana."

"Mwinanso anaiwala."

"Waiwala ndi iwe. Iwo angaiwale chawo chomwe?"

Mabatani anangoseka, n'kugwira thumba la jekete kuona ngati kamakina kake kalimo, basi ulendo.

Kamakinako ndi kamene kanamupatsa dzina. Masana ankakonza mafoni m'kashopu kopanikiza, koma kasitomala akangosowa, zala zili kale pa mabatani a kanthu kameneka. Kanali kakang'ono ngati foni zakale zija, kokwana m'dzanja, mabatani ochepa, sikirini yodzaza manambala ndi zilembo zondandalikana m'mizere ngati risiti ya m'sitolo. Anzake ankakatcha thiraka. Umajambula phokoso lililonse, kaya chitseko, kaya mvula pa malata, n'kulidula tizidutswa, kachidutswa kalikonse n'kukaika pa mzere wake. Ukadina batani, kamzere kowala kamayamba kutsika, ndipo pamene kaponda pamalira. Nyimbo yonse ili m'manambala amenewo. Koma nyimbo zake zinali zosavinika, zopanda ng'oma, zopanda poti munthu n'kuvomera. Zinkangoyandama ngati utsi m'chipinda chotseka. Mayi ake ankati ndi nyimbo za firiji.

Ngongoleyo inayamba chonchi. Atangogula kumene kamakinako, adakali kukhala kutsidya kwa mtsinje, anaperekeza mayi ake kukagayitsa. Woyendetsa chigayo anali mkulu wamtali, wowonda, ufa mbuu mpaka m'nsidze. Akamathira m'chigayo ankaimba chapakhosi, popanda mawu omveka, ndipo liwu lake linkalowerana ndi kulira kwa injini moti sukanadziwa pamene pathera chitsulo ndi pamene payambira munthu. Mabatani atamva, mtima unadumpha. Anapempha kuti ajambule. Anachita kubwereza kangapo, chifukwa makutu a mkuluyo anali atayamba kale kutha.

"Jambula!" anakuwa mkuluyo, monga amachitira anthu osamva. "Koma ubwere nayo ndidzadzimve! Anthu amati ndimaimba. Ine sindinadzimvepo!"

"Sabata yamawa, bambo!"

Sabata yamawayo sinafike. Anasamukira tsidya lino, kumene kuli chigayo china chapafupi. Mabatani anatenga liwu lija, analidula, analikoka mpaka linatalika ngati chingamu, analigoneka pamwamba pa injini, n'kutuluka nyimbo yoti ukaimva m'mimba mumazizira koma sufuna kuti ileke. Nyimbo imeneyo ndi imene inamupezera ntchito ya usiku, pa malo odyera a pamwamba pa nyumba yosanja, kumene anthu amadya pang'ono n'kumalankhula motsitsa ngati m'nyumbamo muli wodwala. Mwini malo ankaikonda chifukwa sinkapikisana ndi mafoloko.

Usiku umenewo alendo anakana kunyamuka. Pa tebulo la pakona panali amuna a mimba zawo, kuitanitsa botolo pamwamba pa botolo. Mwini malo ankangodutsa n'kumunong'oneza, "Usazimitse, mphwanga, usazimitse." Pamene ankatsika masitepe, n'kuti operekera zakudya atatembenuza kale mipando pamwamba pa matebulo, mlonda akuwodzera pa geti. Pa siteji panalibe minibasi, panalibe njinga yamoto. Mapepala okha, mphepo ikuwathamangitsa.

Njira zinali ziwiri. Ya tala ndi yowala, koma imazungulira mpaka ku mlatho waukulu, kukafika kunyumba tambala atalira. Yachidule imadzera kuseri kwa nyumba zosungiramo katundu, n'kutsetsereka, n'kudutsa pa chigayo chija, kenako kamlatho ka matabwa. Munthu wanzeru akanatenga ya tala. Koma miyendo inali itatopa, ndipo mumtima anati, usiku uno andiona ndani? Mkuluyo ali m'tulo. Taonani maganizo a wangongole. Saopa achifwamba, akuopa mwini chinthu.

Magetsi a mumsewu anathera pa nyumba yomaliza yosungiramo katundu. Kutsogolo kunali mdima wa ndiwe yani. Anayatsa tochi ya pa foni, n'kuizimitsanso, poopa kudzionetsa. Njira ankaikumbukira ndi mapazi. Miyala, udzu wonyowa, waya wa mpanda wogwa. Kumunsi ankamva madzi akuwomba miyendo ya mlatho, ndi achule.

Achulewo ndi amene anamupusitsa. Ankalira mokoma, ena besi, ena mwamwamba, kulandizana ngati anachita kugwirizana. Ndipo anthu a timakina timeneti ali ndi matenda amodzi, sangadutse phokoso osalitola. Pakati pa usiku, pa malo opanda munthu, iye anaima, anatulutsa kamakina, anavala mahedifoni, n'kudina pojambulira. Sikirini inawala m'manja mwake. Kamzere kosonyeza kukula kwa phokoso kanayamba kuvina.

Achule. Madzi. Mphepo pa udzu.

Kenako pansi pa zonsezo... chinthu china.

Gu-gu-gu-gu-gu.

Injini.

Anavula mahedifoni. Achule okha. Anavalanso. Gu-gu-gu-gu, ndi lamba akuwomba, phwa, phwa, phwa. Anayang'ana pa sikirini kuona ngati wadina nyimbo yakale mwangozi. Ayi. Kamakina kankajambula za pompano. Kamzere kaja kanali katakwera mpaka pamwamba, osatsikanso.

Anavulanso.

Tsopano ndi achule omwe anali atasiya.

Chigayo chinali pomwepo, kudzanja lamanja. Denga linali litapindikira mbali imodzi. M'ming'alu ya khoma munamera zitsamba. Panalibe nyale, panalibe utsi. Chitseko chinali chotsekula, ndipo m'katimo munkatuluka fungo la ufa wakale, wochita chuku.

Anaponya mwendo kuti adutse msanga.

"Wabwera."

Mabatani anaima. Pa njerwa za pakhomo panali patakhala munthu. Sanamuone akubwera. Anangopezeka alipo, woyera mbuu mumdimamo, kuyambira tsitsi mpaka mapazi.

"Wachedwa, mnyamata iwe."

"Ba... bambo. Mwadzuka... mwaswera bwanji?"

"Sabata yamawa," anatero mkuluyo.

Kale ankachita kukuwa polankhula. Tsopano mawu anali otsika, osalala, ngati akuchokera pansi pa mgolo.

"Pepani, bambo. Tinasamuka. Ndiye ntchito, mukudziwa..."

"Wabwera nayo?"

Akananama, koma kamakina kanali m'manja, kakuwala. Mantha anatsikako pang'ono. Ndi mkulu yemwe uja basi, anadziuza. Mwina chigayo chinagwa, iye akungolondera zitsulo. Ndimumvetsere, nkhani ithe, amayi asiye kundiimbira nyimbo imodzimodzi.

Anasendera pafupi. Anatsekula nyimbo ija pa sikirini, n'kuwerama kuti amuveke mahedifoni. Khutu la mkuluyo linali lozizira ngati chitsulo chogona panja. Ufa unamatirira ku zala za Mabatani, wonyowa, wonanda. Mkono wamanzere wa mkuluyo unali utangolendewera, malaya atapotana pamenepo, osagwedera ngakhale pang'ono.

Anadina. Kamzere kowala kanayamba kutsika.

Mkuluyo anangokhala duu. Maso ake sanali pa sikirini. Anali pa milomo ya Mabatani.

"Yayamba?"

"Yayamba, bambo."

"Sindikumva."

Anakweza. Anakwezanso, mpaka pothera, moti iye mwini ankaimva ikutuluka m'mahedifonimo ataima potero.

"Palibe. Chigayo chinandidya makutu onse." Mkuluyo sanaphethire. "Unati ndidzadzimva."

"Ndakweza mpaka pomaliza, bambo. Mwina ndibwere masana ndi sipika yaikulu..."

"Sabata yamawa?"

Mabatani anayang'ana pansi.

"Ndibwereke ako," anatero mkuluyo.

"Chiyani, bambo?"

"Makutu. Ako ndi abwino. Unaimva injini uli uko."

Mabatani anaseka, kuseka kwa mantha. Mkuluyo sanaseke.

"Nyimbo imodzi yokha. Ikatha ndikubwezera. Koma usaidule. Ithe yokha, mmene nyimbo imathera."

Apa ndi pamene mwana wa mayi wa kumsika anayenera kuima n'kufunsa. Munthu akakuuza malonda, mawu ake umawatembenuza ngati malaya a pa kaunjika, kuona pamene pang'ambika. Iye ayi. Ankafuna bedi lake. Anati nkhalamba yasokonekera mutu, ndingoivomera ndizipita.

"Tengani, bambo."

"Wavomera?"

"Ndavomera."

Mkuluyo anakweza dzanja lamanja. Anakhudza khutu ili. Anakhudza linalo. Zala zinali ngati madzi a m'firiji. M'mutu mwa Mabatani munamveka phu! ngati wamira.

Kenako...

Palibe.

Silinali bata la usiku ayi. Bata la usiku lili ndi mphepo, lili ndi mpweya wako, lili ndi magazi ako akuyenda. Ili linalibe kanthu. Anaponda pansi mwamphamvu. Palibe. Anaomba m'manja. Palibe. Anakuwa mpaka khosi linanjenjemera, ndipo analimva ndi dzanja likunjenjemera, koma liwu... palibe!

Nkhope ya mkuluyo inali itasintha. Kukamwa kunali yasa. Misozi inkatsika, ikusiya tinjira takuda pa ufa wa m'masaya. Mutu unkapita uku ndi uku pang'onopang'ono. Milomo inagwedera, ndipo Mabatani anaiwerenga m'kuwala kwa sikirini: ndine... ndine ameneyu.

Kamakina kanali tsopano m'dzanja la mkuluyo. Mabatani sanaone pamene kanachokera m'manja mwake.

Dikira, anadziuza. Ingodikira. Ikatha andibwezera.

Anagwada pafupi, maso pa sikirini. Nyimboyo ankaidziwa ndi maso, sankafunikira makutu. Manambala awa, injini yalowa. Awa, liwu la mkulu layamba kukwera. Awa, lafalikira, latsala lokha. Kamzere kankatsika. Tsamba linatha, linabwera lina. Linabweranso lina. Thukuta linkamulowa m'maso koma sanalipukute. Tsamba lomaliza. Pakati. Pansi. Mzere womaliza uwo, uwo, wafika...

Kamzere kanadumphira pamwamba.

Mzere woyamba.

N'kuyambanso kutsika.

Mayo!

Nyimboyo inalibe mathero. Anaikonza choncho ndi iye mwini. Timakina timeneti tikafika pa mzere womaliza timabwerera poyamba, pokhapokha mwini wake atatilembera poimira. Iye sanalembe. M'malo mwake anachezera masiku ambiri akusalaza polumikizira, kuti mchira ulowe m'mutu popanda womva msoko, kuti anthu odya aja azidya mpaka mbale zitachotsedwa osadziwa kuti akumva chomwechomwecho. Ankanyada nazo. Anzake ankachita kumufunsa kuti amatha bwanji.

Anatambasula dzanja. Kulemba poimira si ntchito, kudina pang'ono chabe. Koma asanakakhudze, mkuluyo anapanikiza kamakina pachifuwa ndi chibwano, n'kumugwira pamkono. Gwa! Ngati pulayala. Anapukusa mutu. Milomo inati, usaidule.

"Bambo, siitha! Imeneyi siitha! Ndipatseni ndilembe pothera!"

Sankadziwa ngati akukuwa kapena akunong'ona. Ndipo zinalibe ntchito. Mkuluyo anali atatsinzina, mahedifoni ali m'mutu. Anamusiya mkono. Anaimirira. Anapitirira kuimirira, mpaka mutu unapitirira pamwamba pa chitseko. Anawerama, n'kulowa chafutambuyo mumdima wa m'chigayo.

Chitseko chinatsekeka. Popanda phokoso.

Mabatani anachimenya ndi zibakera mpaka khungu linasupuka. Ululu ankaumva, kugogoda ayi. Anachikankha ndi phewa. Chinali ngati khoma.

Kenako anakumbukira batire. Kamakina kanali kataimba usiku wonse kwa anthu a mabotolo aja, ndipo potsika masitepe kachizindikiro kanali katafiira kale. Likatha, nyimbo yatha yokha. Palibe amene waidula!

Anagona chafufumimba, diso pa mpata wa pansi pa chitseko. M'katimo, chapatali, kakuwala kankaoneka pa simenti. Anadikira. Mame anamunyowetsa malaya. Nyerere zinamuyenda pakhosi. Kakuwala kanachepa. Kanaphethira. Kanaphethiranso.

Thima.

Anagwira mpweya. Anathyola zala pafupi ndi khutu.

Palibe.

Anathyolanso, khutu linalo.

Palibe!

Apo ndi pamene anathawa. Matabwa a kamlatho ankagwedezeka pansi pa mapazi ake osalira. Madzi ankathamanga kunsi ngati pa kanema wozimitsa mawu. Pa geti lina galu anamudumphira, kukamwa kukutsekuka ndi kutsekeka, kutsekuka ndi kutsekeka, mano okhaokha. Atafika pa tala, kuwala kunamudzera kumbuyo, mphepo n'kumukankhira m'ngalande. Lole! Inamuphonya ndi kachala. Anaona mutu wa dalaivala pa windo, milomo ikutukwana.

Kunyumba anagogoda osadziwa kuti akugogoda mokweza bwanji, mpaka nyale za oyandikana nawo zinayaka. Mayi ake anatsekula, tochi m'manja. Milomo yawo inkathamanga, chala chikuloza kumwamba, kuloza iye, kuloza matope a pa buluku. Moyo wake wonse ankalakalaka mayiwa atakhalako chete. Usiku umenewo akanapereka chilichonse kuti amve ngakhale chitonzo chimodzi.

"Amayi," anatero. "Sindikumva."

Milomo ija inaima.

Anawafotokozera zonse atakhala pansi m'khichini, mawu akukwera ndi kutsika ngati wailesi yotha mabatire. Mayiwo sanalire. Kutangoyera, anavala nsapato zawo za kumsika, n'kumugwira pamkono ngati mwana wothawa sukulu.

"Kuchipatala tipita pambuyo," anatero, ngakhale panalibe wowamva. "Choyamba akabweze za eni."

Masana chigayo chinkaoneka choipa kuposa usiku. Malata anali atadyeka dzimbiri, mawindo atakhomedwa ndi matabwa. Pa chitseko panali loko wamkulu, wofiira ndi dzimbiri, ndipo chomera china choyanga chinali chitalowa m'bowo la lokoyo n'kutulukira kwina. Mabatani ataona zimenezo anabwerera m'mbuyo. Mayi ake sanaone n'komwe. Iwo anabwerera munthu, osati loko.

"Odi! Odi kuno!"

Zii.

Mayiwo anagunditsa khutu pa chitseko. Chapatali, mopyapyala, inkamveka. Nyimbo ya firiji ija.

"Muli momwemo, ndikukumvani. Tulukani tikambirane ngati anthu akuluakulu."

"Ndani?" Mawu anachokera m'kati, otsika.

"Ndine mayi wa mwana munamulanda makutu uja. Nyimbo yanu mwaimva? Mwaimva. Usiku wonse mwaimva. Ngongole yatha. Bwezani."

"Sinathe."

"Siitha imeneyo! Ilibe mutu, ilibe mchira, ine ndakhala nayo m'nyumba zaka zonsezi. Anakulakwirani, sindikukana. Ndamuuza mpaka pakamwa kuuma. Koma kuchedwa salipira ndi makutu. Kodi munamva kuti?"

"Anavomera."

"Anavomera chifukwa ndi chitsiru, anatengera bambo ake. Tamverani. Kamakinako tengani, ndi mahedifoni omwe, sitikafunanso. Ingobwezani makutu."

"Sinathe."

"Chabwino, tigawane. Limodzi mubweze, linalo mutsale nalo. Nyimbo imamveka ndi khutu limodzi, ine ndimamvera wailesi nditagonera linalo."

Zii.

Mayiwo anapuma mwamphamvu. Anayang'ana mwana wawo. Anali ataima potero, manja m'khwapa, maso akuthamanga kuchoka pa milomo yawo kupita pa chitseko, ngati galu wosadziwa chimene akumukalipira. Anatembenukiranso ku chitseko, ndipo mawu awo anatsika.

"Tengani anga. Onse awiri. Ine ndamva zokwanira pa dziko lino, zambiri zake zachabechabe. Mwanayu amadyera makutu."

Mawu a m'kati aja anayankha.

"Anu ndi otha. Atsala pang'ono kufanana ndi anga."

"Inu bambo inu! Ndikapita kukatenga nyundo..."

"Mayi, mukulankhula ndi ndani?"

Anatembenuka. Kumbuyo kwawo kunali mzimayi wina, ndowa pamutu, akuchokera ku nyumba ya kuseri kwa chigayo.

"Ndi mkulu wa muno. Ngati mumamudziwa, muuzeni atuluke. Wadzitsekera ndi katundu wa mwana wanga."

Mzimayiyo anatula ndowa pang'onopang'ono. Madzi anatayikira pa mapazi ake koma sanasunthe.

"Amenewo ndi bambo anga."

"Ndiye bwino. Auzeni kuti..."

"Mayi. Bambo tinawaika m'manda kalekale. Mwana wanga amene wapita ku sukulu m'mawa uno anali asanabadwe."

Dzanja la mayi a Mabatani linachoka pa chitseko.

"Lamba anawakoka mkono," anapitiriza mzimayiyo. "Anthu ankakuwa kuti malaya akodwa, malaya akodwa, iwo osamva. Loko uyu ndinakhoma ndine, kiyi ndinaponya mumtsinje. Chitseko ichi sichinatsekukepo. Masiku omaliza aja, akaweruka, sankabwera kunyumba msanga. Ankakhala pa njerwa apa mpaka mdima, ati akudikira mnyamata wina abwere ndi..."

Anasiyira pomwepo. Anapendeketsa mutu. Kenako anagwira pakamwa ndi manja onse awiri.

"Mawu a bambo," ananong'ona. "Amenewo ndi mawu a bambo."

"Amayi!" Mabatani anakuwa, mokweza moti mbalame zinauluka pa denga. "Akuti chiyani? Abweza?"

Mayi ake anamuyang'ana. Thupi lonse linkawauza kuti agwire mwana wawo athawe. Koma anali asanachokepo pa malonda chimanjamanja. Anabwereranso pa chitseko. Ulendo uno sanamenye. Anagogoda ndi chala chimodzi.

"Bambo. Nanga poti munapita kale, makutu a mwana wanga mukachita nawo chiyani kumeneko?"

M'katimo nyimbo inayamba kutsika. Injini inazilala. Linatsala liwu lokha la mkulu uja, likupyapyala, likupyapyala, ngati ulusi woti uduka. Mayiwo anagwira mkono wa mwana wawo, zikhadabo mpaka kulowa m'khungu. Sanapume.

Gu-gu-gu-gu-gu.

"Khalani chete, mayi," anatero mawu a m'kati. "Ikuyambanso."